Amayi anagwa chokhala pamjigo, tsopano miyendo ikufooka: kodi opaleshoni ya msana ndi yofunika?

Funso: Adokotala, ndikulemba kuchokera ku Domue, m'boma la Angónia. Amayi anga ali ndi zaka 69. Mwezi wa Juni anaterereka pamjigo n'kugwa chokhala. Msana unawawa kwambiri kwa milungu iwiri, kenako ululu unachepa mpaka anayambanso kusesa pabwalo ndi kusankha mbatata. Patatha pafupifupi miyezi iwiri ululu unabwerera, miyendo inayamba dzanzi, ndipo pano akukoka phazi lamanzere. Popanda wowagwira sangafike kuchimbudzi. Akagona miyendo imakhalako bwino, akadzuka imafooka. Kuchipatala anajambula n'kutiuza kuti fupa limodzi la msana laphwanyika chifukwa mafupa awo ndi ofewa, ndipo mwina afunika opaleshoni ku chipatala chachikulu. Amalume akukana, akuti opaleshoni ya msana imapuwalitsa munthu. Wina watiuza kuti pali njira yongothira simenti m'fupa popanda kung'amba. Tichite chiyani?

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawa. Ndiyambe ndi zofunika kuchita msanga: amayi anu aonedwe ndi dokotala wa mafupa kapena wa mitsempha masiku omwe ano, asadikire kuti banja lonse ligwirizane kaye. Ndipo ngati ayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osazindikira, kapena akamadzipukuta sakumva kukhudza pakati pa ntchafu ndi kumatako, kapenanso phazi lomwe dzulo limagwedezeka lero laleka, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku. Zikafika pamenepo timawerenga maola. Mtsempha wopanikizika umapirira kwa kanthawi, koma ukafa sudzukanso.

Msana uli ndi mafupa osanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa pomwe pamagwira nthiti, ndi 5 m'chiuno. Kumbuyo kwa mafupawa kuli ngalande momwe mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mwa munthu wamkulu mtsemphawu umathera cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, omwe pa pepala la kuchipatala amalembedwa L1 ndi L2, ndipo kuchokera apo pamatsika mitsempha ing'onoing'ono yopita kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kunjira ya chimbudzi. Tsoka lake n'lakuti malo omwewo, kuyambira T11 (fupa la nambala 11 mwa a kumbuyo kwa chifuwa aja) mpaka L2, ndi pomwe mafupa ofewa amakonda kuphwanyikira, chifukwa m'pomwe msana wouma wa kunthiti umakumana ndi msana wopindika wa m'chiuno. Tayang'anani pepala la amayi; sindingadabwe mutapeza T12 kapena L1.

Kufewa kwa mafupa, komwe azachipatala amakutcha osteoporosis, kumagwira kwambiri amayi amene anasiya msambo, pakuti mahomoni omwe amasunga fupa amakhala atachepa. Sikupweteka, sikutupitsa. Munthu amangofupika msinkhu, msana n'kuyamba kuwerama, ife n'kumati ndi ukalamba. Ambiri amene fupa la msana laphwanyika motere amachira m'milungu 6 mpaka 12 ndi mankhwala a ululu, kupumula ndi lamba wa msana, popanda mpeni. Amene amafika pofooka miyendo ndi ochepa. Amayi anu ali m'gulu la ochepawo, ndipo mmene mwafotokozera zikundipatsa chithunzi cha chifukwa chake.

Mwanena kuti ululu unachepa kaye, kenako n'kubwerera patatha miyezi iwiri. Dokotala wa ku Germany, Hermann Kümmell, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1890: munthu wagwa pang'ono, wawoneka ngati wachira, kenako patapita milungu kapena miyezi msana ukupindika ndipo miyendo ikufooka. Chomwe chimachitika n'chakuti fupa lothyokalo sililumikizana. Magazi safika bwino pakati pake, mbali ina imafa, ndipo mkati mumatsala mphako yokhala ndi mpweya kapena timadzi. Munthu akamayenda, kuwerama posesa, kunyamula thumba la mbatata, fupalo limanka liphwatalala, mpaka khoma lake lakumbuyo limakankhikira mungalande ya mitsempha.

Mawu anu akuti "akagona miyendo imakhalako bwino, akadzuka imafooka" ndi amene ndawalemba mzere kunsi, ndipo mukawanene momwemo kwa dokotala. Akusonyeza kuti fupalo likugwedera. Akagona chagada mphako ija imatseguka, fupa limawongokako, mitsempha imapuma. Akakhala tsonga kulemera kwa thupi kumalifinya, chidutswa chimakankha mtsempha. Nthawi zina timajambula X-ray kawiri, munthu atagona ndiponso atakhala, ndipo pa zithunzi ziwirizo fupa lomwelo limaoneka lotalika mosiyana. Kwa wodwala iyi ndi nkhani yabwinoko, chifukwa mtsempha womwe umapezako mphamvu ukapumula ndiye kuti udakali moyo. Ikutiuzanso ntchito yeniyeni ya opaleshoni: kuletsa fupa kugwedera, ndi kupatsa mtsempha malo ngati wapanikizika kwambiri.

Koma asanagwire mpeni, pali funso lomwe kwathu kuno sitilidumpha. Kodi ndi kufewa kwa mafupa kokha? Ku Japan kapena ku Ulaya gogo wa zaka 69 wophwanyika fupa la msana amaganiziridwa osteoporosis poyamba. Kuno ku Tete, komwe TB ndi HIV zili pakati pathu, TB ya msana imabweretsa chithunzi chofanana kwambiri: msana kuwawa, linunda, miyendo kufooka pang'onopang'ono. Percivall Pott wa ku London anaifotokoza mu 1779 ndipo mpaka lero ikadagoneka anthu m'mawodi athu. Palinso khansa yochokera kubere, kukhomo la chiberekero kapena kuprositeti kwa abambo, ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma, yomwe imakonda anthu a msinkhu wa amayi anu. Choncho akafunsidwa za kuwonda, kutuluka thukuta usiku, chifuwa chokhalitsa ndi chotupa m'bere, ndipo akayezedwa magazi, impso, shuga ndi HIV. X-ray wamba sikwanira. Pamafunika njira zina zojambulira zozama. CT, yomwe kuno timaidziwa kuti TAC, imaonetsa bwino chidutswa cha fupa chomwe chalowa mungalande. MRI imaonetsa mtsempha weniweniwo, ndipo imathandiza kusiyanitsa: TB imakonda kudya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi kachichereche ka pakati pawo n'kusiya mafinya m'mbali, pamene kufewa kwa mafupa kumasiya kachicherecheko. Pakakhala chikayiko amatengako kachidutswa ka fupa kukayeza. Ngati ndi TB, mankhwala a miyezi 9 mpaka 12 ndiwo maziko a chithandizo, ndipo ambiri amadzuka nawo ngakhale osachitidwa opaleshoni.

Tibwere ku simenti. Amene anakuuzaniyo sananame, njirayo ilipo. Inayamba mu 1984 ku Amiens, m'dziko la France, ndi madokotala Galibert ndi Deramond. Amabaya singano yaikulu kudzera pakhungu la kumsana mpaka m'fupa, akuyang'ana pa makina ojambulira, n'kupopera simenti ya kuchipatala yomwe imauma m'mphindi zochepa. Imatchedwa vertebroplasty. Pa ina yofanana nayo, yotchedwa kyphoplasty, amayamba afufumitsa kabaluni m'fupamo asanathire. Ntchito yake ndi kuchepetsa ululu, ndipo ngakhale pa ululupo akatswiri akhala akukangana: akafukufuku awiri a mu 2009 anapeza kuti sinapose kubaya kongoyerekeza, pamene wina wa ku Australia mu 2016 anapeza kuti imathandiza amene athyoka posachedwa ndipo ululu ndi woopsa. Za amayi anu, nkhawa yanga ndi ina. Simenti sichotsa chidutswa chomwe chikukankha mtsempha. Ndipo khoma lakumbuyo la fupa likakhala losweka, simenti ikadali yamadzi imatha kudontha kulowa mungalande momwemo, n'kuumira pa mtsempha. Ine sindingavomere simenti yokha kwa munthu amene miyendo yayamba kale kufooka. Pamodzi ndi zitsulo, inde, ili ndi malo ake.

Opaleshoni yeniyeni imachitika munjira zingapo, ndipo yofala kwambiri ndi yodzera kumbuyo. Wodwala amagonekedwa tulo, chafufumimba. Dokotala amang'amba pakati pa msana n'kulowetsa timisomali ta mazinga, maparafuzo, m'mafupa abwino a pamwamba ndi a pansi pa lothyokalo, awiri pa fupa lililonse, kenako amawalumikiza ndi timitengo tiwiri tachitsulo cha titaniyamu, kamodzi kumanja kena kumanzere. Ngati ngalande yathina kwambiri amachotsa denga la fupa la kumbuyo kuti mtsempha upeze mpata, nthawi zina n'kukankhira chidutswa chija kutsogolo komwe chinachokera. Mphako ya m'fupa lothyokalo amatha kuidzaza ndi simenti akuona ndi maso kuti siikudontha. Pomaliza amayala tizidutswa ta fupa m'mbali mwa zitsulozo kuti pakapita miyezi mafupawo amere pamodzi. Madokotala a ku Japan, komwe okalamba ndi ochuluka ndipo vutoli analiphunzira kwambiri, anaonetsa kuti odwala ambiri a mtundu wa amayi anu amapezanso mphamvu m'miyendo pongomangidwa ndi zitsulo, osakhudza n'komwe ngalande, chifukwa chomwe chimapweteka mtsempha ndi kugwedera kuja.

Njira ina ndi yodzera kutsogolo, m'mbali mwa nthiti kapena mwa mimba. Amachotsa fupa lophwanyikalo n'kuikapo chogwiriziza chachitsulo kapena fupa lina. Kiyoshi Kaneda wa ku Hokkaido ndi amene anaitchukitsa. Imachotsa chopanikiza mtsempha mwachindunji, koma ndi yolemetsa kwa gogo amene mapapo ndi mtima zatopa. Pamene linunda lakula kwambiri pali inanso yodula mbali ya fupa kuchokera kumbuyo kuti msana ufupike n'kuwongoka. Imataya magazi ambiri ndipo imafuna manja ozolowera. Kusankha kwake kumadalira chithunzi, mphamvu za wodwala ndi zipangizo zomwe zilipo. Chomwe ndingakuchenjezeni n'chimodzi: kungochotsa denga la fupa popanda kumanga ndi zitsulo, pa fupa lomwe likugwedera kale, kumawonjezera kugwederako. Mukauzidwa za opaleshoni, funsani mwaulemu ngati aikamo zitsulo, ndipo pa mafupa angati.

Vuto lalikulu la maopaleshoni onsewa ndi fupa lenilenilo. Aliyense amene anakhomapo msomali pa mtanda wofumbwa akudziwa: umalowa mosavuta, ndipo umazukanso mosavuta. Parafuzo m'fupa lofewa amatero. N'chifukwa chake kwa okalamba sitimanga fupa limodzi pamwamba ndi limodzi pansi basi, koma awiri kapena atatu mbali iliyonse kuti katundu agawanike. Nthawi zina timathira simenti pang'ono m'bowo la parafuzo kuti agwire, kapena kuwonjezera tingowe ndi malamba okoleka kumbuyo kwa fupa komwe kumakhala kolimbirako. Sitilimbananso ndi kuwongola msana kuti ukhale ngati wa mtsikana. Ukaumiriza kuwongola, zitsulo zimazuka. Ngakhale zonse zitachitidwa bwino, parafuzo amatha kukhwefuka pakapita miyezi, msana umabwererako pang'ono powerama, ndipo fupa loyandikana ndi pomwe zitsulo zathera limatha kuphwanyika nalonso. Ena amafunika opaleshoni yachiwiri. Izi muzidziwiretu.

Amalume anu asanyozedwe. Mantha awo ali ndi pochokera, ndipo pa mwambo wathu mawu awo pa mlongo wawo ndi olemera. Ndi zoona kuti mtsempha ukhoza kuvulala pa opaleshoni, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Zoopsa zomwe timakumana nazo kwambiri mwa okalamba ndi zina: bala kulowa tizilombo, chibayo, magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, kusokonezeka mutu kwa masiku angapo, mtima kapena impso kulephera. Koma pali chinthu chomwe kumudzi sichioneka. Anthu ambiri amene amakumbukiridwa kuti "anapuwala atachitidwa opaleshoni ya msana" anafika pa tebulo atagona kale miyezi, miyendo itafa, mkodzo ukungotuluka. Opaleshoni sinawadzutse, ndipo mlandu unagwera mpeni. Madokotala amayeza kuvulala kwa mtsempha pa masitepe asanu, kuyambira A, pomwe palibe kumva kapena kugwedeza chilichonse, mpaka E, pomwe zonse zili bwino. Amayi anu, poti akuyenda mogwiriridwa, ali cha pa C kapena D. Odwala a pamenepa ambiri amakwera sitepe akachitidwa opaleshoni pa nthawi yake, ndipo ululu wa msana umachepa msanga. Dzanzi la kumapazi limachedwa kutha, mwina silitheratu, ndipo chikhodzodzo chikawonongeka ndicho chimavuta kwambiri kubwerera. Wa pa A mwayi wake ndi wochepa zedi. Ngati n'kotheka, amalumewo apite nawo akaone chithunzi ndi maso awo ndi kudzifunsira okha; ambiri amafewa akaona pomwe fupa lakankha mtsempha.

Si aliyense amene angapirire opaleshoni. Ngati mtima, mapapo kapena shuga sizilola, kapena kufookako n'kochepa ndipo sikukupitirira, dokotala akhoza kusankha kuwagoneka milungu ingapo, kenako n'kuwaveka koleti yolimba yochokera m'chifuwa mpaka m'chiuno, akuyeza mphamvu ya miyendo pafupipafupi. Kugona kumeneku kuli ndi mtengo wake. Gogo wogona amataya mnofu ndi fupa msanga, ndipo zilonda za pabedi zimayamba mwakachetechete: kachigamba kakuda kapena kofiirira pamwamba pa matako kapena pa chidendene komwe sikasintha mtundu mukakadina ndi chala. Atembenuzidwe maola awiri alionse, usana ndi usiku, khungu likhale louma, ndipo pansi pa akakolo pakhale kansalu kopindidwa kuti zidendene zisagunde mphasa.

Za ulendo. Njira yake ndi kuyambira pa chipatala cha ku Ulongue, komwe angakulembereni guia, kalata yotumizira wodwala, yopita ku Hospital Provincial de Tete. Opaleshoni yamtunduwu ndi ya zipatala zazikulu za akatswiri a mitsempha ndi mafupa, monga Hospital Central da Beira ndi Hospital Central de Maputo. Mabanja ena a ku Angónia ndi Tsangano amadutsa pa Calómuè kulowa Dedza n'kupita ku Lilongwe, komwe pa Kamuzu Central Hospital pali chipatala cha mafupa ndi mitsempha chotchedwa LION. Amene asankha njira imeneyo akonzeretu ziphaso ndi kalata ya dokotala. Kulikonse komwe mungapite, amayi asakwere chapa (minibasi) atakhala tsonga, ndipo njinga yamoto ayi ndithu. Mabampu a msewu wa ku Domue okha akhoza kumaliza zomwe kugwa kunayamba. Pemphani ambulansi, ikasowa, agone chagada pa matiresi opyapyala oyalidwa pa thabwa kapena chitseko, kumbuyo kwa galimoto. Powanyamula pakhale anthu atatu, wina kumapewa, wina m'chiuno, wina kumiyendo, thupi lonse litembenukire pamodzi osapotoka. Osawanyamula m'khwapa ndi m'mawondo. Tengani zithunzi zonse zakale, ngakhale zooneka zosafunika, ndi mankhwala onse omwe amamwa m'mapaketi ake. Pakadali pano pasakhale kutsina msana mwamphamvu, kuuponda kapena kuukoka. Mphini sizifika pa fupa, koma zilonda zake pamalo ong'amba zikhoza kuchedwetsa opaleshoni.

Mankhwala ndawatchula dala. Prednisolone ndi dexamethasone, omwe anthu amagula pamsika chifukwa cha nyamakazi, mphumu kapena kufuna kunenepa, amadya mafupa kwambiri akamwedwa miyezi yambiri. Amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi, dokotala ndiye amachepetsa pang'onopang'ono. Tenofovir wa m'ma ARV amachepetsako mphamvu ya fupa. Ameneyo sasiyidwa, koma dokotala adziwe kuti aone ngati n'koyenera kusintha. Fodya, wosuta kapena wofwenkha, ndi kachasu zimalepheretsa fupa kumera.

Opaleshoni ikayenda bwino, wodwala amakhazikidwa tsonga ndi kuimiritsidwa m'masiku ochepa, atavala koleti, yomwe amakhala nayo pafupifupi miyezi itatu. Mafizo ndi theka la kuchira: kulimbitsa ntchafu, kuphunzira kudzuka pogona chammbali kaye, kuyenda ndi chogwirira. Kunyumba akonzereni bedi kapena pogona pokwera, mpando wa kuchimbudzi kuti asanjute, ndi tsache la mpini wautali ngati sangapirire kuona bwalo lakuda. Kusenza nkhuni ndi ndowa kwatha.

Zitsulo zimangogwira malo amodzi. Mafupa ena onse amakhala akadali ofewa, ndipo amene wathyoka fupa limodzi la msana ali pa chiopsezo chachikulu chothyoka lina, makamaka m'chaka choyamba. Apa m'pomwe mabanja ambiri amalekera panjira. Munthu wothyoka msana chifukwa chongogwa chokhala safunika kudikira makina oyezera kulimba kwa mafupa kuti ayambe mankhwala. Odziwika kwambiri ndi alendronate, 70 mg kamodzi pa mlungu: amamwedwa m'mawa asanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi, ndipo munthu asagone kapena kudya kwa mphindi 30, apo ayi amawotcha kummero. Amene sangathe kukhala tsonga asayambe amenewa. Pali zoledronic acid, 5 mg ya m'diripi kamodzi pa chaka, yomwe imafuna impso zabwino. Denosumab, jakisoni wa miyezi 6 iliyonse, yemwe sadumphitsidwa chifukwa ukamusiya mafupa amafooka mofulumira. Ndi teriparatide, wobaya tsiku ndi tsiku mpaka zaka ziwiri, yemwe amamangadi fupa latsopano koma ndi wodula kwambiri. Mano owola achotsedwe kapena kukonzedwa asanayambe mankhwalawa.

Onsewa amafuna kashiamu ndi vitamini D wokwanira, pafupifupi 1,000 mpaka 1,200 mg ya kashiamu pa tsiku kuphatikiza ya m'zakudya. Nsima ya ufa woyera ili ndi kashiamu wochepa kwambiri. Kapenta wa ku Cahora Bassa, usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, nkhwani, phala la mawere, malambe, mkaka ndi soya ndi zomwe zingathandize, ndipo nyemba, mazira ndi nsomba zimapereka zomanga thupi kuti bala lipole. M'nyengo yozizira ya ku Angónia agogo amafunda kumutu mpaka kumapazi. Awothereko dzuwa manja ndi miyendo ili poyera. Inunso, mayi, ndi achemwali anu, mukadzasiya msambo mudzauze dokotala kuti amayi anu anathyoka msana pongogwa chokhala, chifukwa kufewa kwa mafupa kumayenda m'banja.